Funsani Malume: Kodi gemu yonse inkapangidwadi ndi munthu mmodzi?

Malume, ine ndi mnzanga takangana mpaka tabetcherana Fanta. Iyeyo akuti kale gemu yonse ya pa TV inkapangidwa ndi munthu mmodzi yekha, zithunzi, kaphokoso, malamulo, zonse, komanso eti dzina lake sankaloledwa kulilemba paliponse. Ine ndikuti bodza limenelo, gemu ngati FIFA munthu mmodzi angayithe bwanji? Tiweruzeni. — Mnyamata wa ku Chilomoni

Mphwanga, kagule Fanta ija basi, waluza. Vuto lako ukuyeza zinthu za mu 1977 ndi magemu a lero amene amapangidwa ndi chinamtindi cha anthu. Chaka chimenecho kampani ya Atari ya ku California inatulutsa kamakina kolumikiza ku TV kamene kanadzatchuka ndi dzina loti Atari 2600, ndipo memore yake yogwirira ntchito inali mabayiti 128. Sindinalakwitse kulemba ayi, 128 basi. SMS imodzi ya zilembo 160 imene umatumizira chibwenzi chako singakwanemo. Gemu yeniyeniyo inkakhala mu katiriji, kabokosi kolowetsa m'makinamo, ya 2KB kapena 4KB (mabayiti pafupifupi 2,000 kapena 4,000), nde pamenepo ungaitane anthu khumi kuti adzatani? Munthu mmodzi ankapatsidwa desiki, n'kukhala miyezi ingapo akulimbana nazo yekha, tizithunzi ankajambula pa pepala la timabokosi kenako n'kutisandutsa manambala.

Chimene chimandizunguza mutu ine n'choti kamakinaka kanalibe n'komwe malo osungira chithunzi chonse cha pa sikirini. Ma TV akale aja a chimsana amajambula chithunzi mzere ndi mzere kuchoka pamwamba kutsika pansi, mothamanga kwambiri moti diso siliona, ndiye pulogalamu inkayenera kuuza makina zoti ajambule pa mzere uliwonse nthawi yomweyo kuwala kukudutsa, ndipo pa mzere umodzi purosesa inkangokhala ndi timasitepe 76, ukachedwa pang'ono chithunzi chonse chimapindika kapena kuyamba kuvina. Zowerengera mapointi ndi kuona ngati chipolopolo chagunda mdani ankazipanga pa kanthawi kamene kuwala kukubwerera pamwamba. Anthu amenewa anali madolo, tisanamizane.

Za dzina zija mnzakoyo akunenanso zoona. Atari inagulidwa ndi Warner Communications mu 1976, kenako bwana wamkulu anadzakhala Ray Kassar, munthu amene anachokera ku kampani ya nsalu, ndipo kwa iyeyo wolemba gemu anali wantchito wamba, palibe dzina pa bokosi, palibe kangachepe kochokera pa malonda. Ankaopanso kuti akatchula mayina makampani ena awabera anyamata awo.

Nde kunali mnyamata wina, Warren Robinett, amene analemba gemu yotchedwa Adventure, inatuluka cha mu 1980. Mu gemuyi iwe wosewera ndiwe kabokosi chabe, kakona zinayi, ukuyendayenda kusaka chikho kuti ukachibweze ku nyumba yachifumu yagolide, kwinaku zinjoka zitatu zikukuthamangitsa (kunena zoona zimaoneka ngati abakha) komanso kuli mleme wakuba umene umakulanda kiyi n'kukusiyira chinthu chopanda ntchito. Robinett sanauze munthu, anabisa kadontho kamodzi kotuwa m'kachipinda kotsekeka mkati mwa nyumba yachifumu yakuda, kofuna mlatho kuti ukafikeko. Ukakanyamula kadonthoko n'kukafika nako pa khoma lina, khomalo limakulola kudutsa, n'kupezeka uli m'chipinda mmene muli mawu akuthwanima oti “Created by Warren Robinett”, kutanthauza kuti anapanga ndi iyeyo. Mmene mnyamata wina wa ku Salt Lake City ankazitulukira n'kulembera kalata ku Atari, Robinett anali atasiya kale ntchito, makatiriji atamwazika dziko lonse. Kukonza kunali kodula, anangozisiya, ndipo zobisika za mtundu umenewu mpaka lero amazitchula kuti Easter egg.

Ena sanabise, anakamuuza bwana pamaso. Mu 1979 David Crane, Alan Miller, Bob Whitehead ndi Larry Kaplan ataona kuti magemu a iwo anayi ndi amene abweretsa zoposa theka la ndalama za makatiriji, anapita kwa Kassar kukapempha dzina ndi gawo. Malinga ndi mmene iwo amafotokozera, anawayankha kuti sakusiyana ndi munthu wolongedza katiriji m'bokosi ku fakitale. Anatuluka n'kuyambitsa kampani yawo ya magemu, Activision, pamodzi ndi Jim Levy, ndipo kumeneko kabuku ka gemu kankakhala ndi dzina ndi chithunzi cha mwini wake ngati woimba pa chimbale. Atari inawasumira koma sinawatseke. Activision yake, imene Microsoft inagula mu 2023, ndi yomweyi ya gemu ya Call of Duty.

Malume, ndinamva kuti ku America anakwirira magemu kudzala chifukwa anali oipa kwambiri. Ndi zoona kapena ndi nkhani za m'minibasi? — Wowerenga wa ku Area 25

Ndi zoona ndithu, ngakhale kwa zaka zambiri anthu ankazitenga ngati nthano. Mu September 1983 Atari inatumiza malole ku dzala la tauni ya Alamogordo ku New Mexico, makatiriji pafupifupi 700,000 n'kukwiriridwa. Mu April 2014 anthu anakakumba pamalopo makamera ali pompo ndipo anawapezadi, ena adakali m'mabokosi awo.

Gemu imene imasenza mlandu ndi E.T., yochokera pa filimu ya Steven Spielberg. Koma ine pano ndimuikira kumbuyo wolemba wake, Howard Scott Warshaw. Mabwana anamaliza kukambirana za chilolezo kumapeto kwa July 1982, atalonjeza madola oposa 20 miliyoni, kenako n'kumuuza mnyamatayo kuti gemu ikhale itatha pofika pa 1 September kuti igulitsidwe pa Khirisimasi. Masabata asanu ndi masiku ochepa, pa ntchito imene inkatenga theka la chaka! Anaithadi, koma ka E.T. kaja, kacholengedwa kamene wosewera ankayendetsa, kankangogwera m'maenje, ukavutika kutuluka kagweranso, ana analira, makolo anabweza katundu ku sitolo. Komatu munthu yemweyu ndi amene analemba Yars' Revenge, imodzi mwa magemu amene anagulitsidwa kwambiri pa makinawa.

Ndipo kudzala kuja sikunali E.T. yekha, kunali magemu osiyanasiyana amene anasanduka mbola. Chimene chinagwetsa msika mu 1983 n'choti aliyense ataona Activision ikudyerera anayamba kupanga makatiriji, zabwino ndi zinyalala kuunjikana pa shelefu imodzi, mitengo inagwa ngati tomato wa nthawi yokolola, ndipo Atari inaluza madola oposa 500 miliyoni chaka chimenecho. Warshaw uja pambuyo pake anadzakhala mlangizi wothandiza anthu ovutika maganizo, ndipo tsiku lokumba lija analipo, akuonerera.

Malume, nkhani zanuzi mumangotchula amuna achizungu okhaokha. Kunalibe amayi kapena anthu akuda? — Mayi wa ana awiri, Mzuzu

Achemwali, mwandigwira pamenepo. Analipo, ochepa koma osati apambali. Katiriji yeniyeniyo, yoti uzule gemu iyi ulowetse ina, inayamba kugulitsidwa ndi makina a Fairchild Channel F mu 1976, Atari 2600 isanabwere, ndipo amene ankatsogolera gulu lopanga makinawo anali Jerry Lawson, injiniya wakuda wa ku New York. Anamwalira mu 2011, dzina lake litangoyamba kumene kumveka.

Kumbali ya amayi kuli Carol Shaw. Anayambira ku Atari, kenako ku Activision analemba River Raid ya mu 1982, ka ndege kouluka pamwamba pa mtsinje, ukuwombera zombo ndi milatho uku mafuta akutha. Mtsinjewo ndi wautali zedi woti sungakwane mu 4KB, nde iye sanausunge n'komwe, analemba kasamu kamene kamabala mtsinjewo pamene ukuuluka, ndipo kamabala womwewo nthawi zonse. David Crane anachitanso zofanana pa Pitfall! chaka chomwecho, malo 255 a m'nkhalango kuchokera pa kanambala kamodzi. Mwana wanu wamkazi akamati masamu alibe ntchito mumuonetse River Raid.

Malume, tili ana tinkasewera gemu ya katiriji yachikasu yolembedwa kuti muli magemu 9999. Imene ija inali Atari? — Bambo wa ku Zomba, pano ali ku Joni

Ayi achimwene, ya Atari inatipita ambirife, pajatu TVM inayamba mu 1999. Imene tinkasewera ija inali yokopera makina a Famicom a mu 1983, a kampani ya Nintendo ya ku Japan, ndipo 9999 ija linali bodza la mkunkhuniza, munali magemu ochepa omwewo akungobwerezedwa, apa Mario wayambira pakati, apo asintha mtundu. Ngati munkamenya Contra mwina mukukumbuka zija zodina mabatani, m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B, A, n'kupeza miyoyo 30. Zimene zija anayambitsa ndi Kazuhisa Hashimoto wa ku kampani ya magemu ya Konami mu 1986, ankasamutsira gemu ya Gradius pa Famicom nde inkamuvuta mwini wakeyo kuyimaliza poyesa, anadziikira kanjira kachidule, ndipo gemu inapita ku sitolo kanjirako kali momwemo.