Funsani Amalume: Rock ya ku Zambia ija, nanga ya kwathu ili kuti?

Amalume, ndine mnyamata wa ku Area 25. Tilipo anayi, timayeserera kuimba m'galaja ya makolo a mnzathu. Tsiku lina pa YouTube ndinamva nyimbo ya Tyler, the Creator wa ku America, m'kati mwake muli mawu a Chinyanja ndi gitala yolira mwaukali. Anzanga akuti anaitapa m'nyimbo yakale ya ku Zambia. Anthu amenewa anali ndani? Nanga bwanji ife, Chipata ali pakhomo pomwepa, sitinakhale ndi mabandi otere?

Mphwanga, anzakowo sanakunamize. Nyimbo ukunenayo ndi "Noid" ya 2024, ndipo mawu a Chinyanja wamvawo ndi a Ngozi Family, bandi ya Paul Ngozi wa ku Lusaka. Dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo. Anamwalira mu 1989, woimba wa ku Americayo asanabadwe n'komwe. Maimbidwe amenewa amawatcha Zamrock, ndipo anafika pachimake m'zaka za m'ma 1970.

Kulira kwa gitala kwakudabwitsako kumachokera m'kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fuzz. Ukakaponda, mawu a gitala amatuluka osasa, olemera, ngati njuchi zimene wazitsekera m'chitini. Anyamata a ku Zambia anamva zimenezi pa mbale za Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi Deep Purple, kuvina n'kutengera kwa James Brown. Koma tchera khutu pansi pa phokosolo. Ng'oma ndi bezi sizikuyenda chizungu ayi, zikuyenda mmene timayendera ife pa bwalo la gule, ndipo woimbayo akudandaula za njala ndi za moyo wa m'komboni.

Sanali Ngozi yekha. Bandi imene inkadzaza maholo kuposa onse ndi WITCH, kutanthauza We Intend To Cause Havoc, ya ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya mkuwa. Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari poona kuti amadumpha pa nsanja ngati mmene amachitira Mick Jagger wa Rolling Stones. Chimbale chawo chodziwika kwambiri ndi Lazy Bones!! cha 1975. Chaka chomwecho anyamata a ku Kitwe otchedwa Amanaz anatulutsa Africa, chimbale chimodzi chokha basi, ndiye kenako anabalalika. Ine chimenechi ndi chimene ndimachikonda kuposa zonse. Sichithamanga. Gitala imalira mofatsa, mawu a woimba ngati a munthu amene wangodzuka kumene, ndipo ukamva "Khala My Friend" usiku uli wekha umakumbukira anzako onse amene anapita kutali. Kunalinso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, imene inawonjezamo malipenga n'kukakhalako ku Nairobi, komanso Keith Mlevhu amene ankaimba yekha zida zonse pa zimbale zake.

Tsono funso lako lenileni: bwanji kumeneko, osati kuno?

Yambira pa ndalama. Zambia itangolandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino. Ku Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira kunali anthu ambirimbiri olandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo migodi inali ndi makalabu ndi maholo ofuna bandi Loweruka lililonse. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda mbale za galamafoni. Kunalinso Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour amene ankatenga mabandi, kuwajambulitsa, n'kugulitsa mbalezo m'sitolo zake. Pamwamba pa zonsezi Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankagwira gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Taganiza: wailesi ikusowa nyimbo zodzazira tsiku, fakitale ili pomwepo, ogula ali ndi ndalama m'thumba. Mnyamata wodziwa gitala akanalekeranji?

Kuno zaka zomwezo abambo athu ankakwera ndege za Wenela kukakumba migodi ya eni ake ku Joni. Ndalama za fodya ndi tiyi sizinkafika m'manja mwa achinyamata a m'tauni. Fakitale yodinda mbale kunalibe. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo lamulo la 1968 linapatsa a Censorship Board mphamvu yoletsa nyimbo iliyonse imene sinawakomere. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, akazi osavala thalauzi kapena siketi yaifupi. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale mlendo wongotsika kumene ndege.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amaimira pa tsitsipo. Ine ndimaona kuti chachikulu chinali umwini wa zida. Gitala ya magetsi, ampulifaya ndi ng'oma zachizungu zinali za wailesi, za apolisi, za asilikali, za mahotela ndi za mipingo. MBC Band ndi Police Orchestra munali akatswiri oopsa, koma munthu woimbira zida za abwana amaimba zimene abwana akufuna. Sungaponde fuzz pa hotela pamene alendo akudya chakudya chamadzulo.

Usatengepo maganizo oti kuno gitala inali yogona. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba gitala imodzi, iwe n'kumayesa kuti alipo atatu. Robert Fumulani ndi Likhubula River anavinitsa dziko lonse, Allan Namoko naye ndi mawu ake osasa aja. Wambali Mkandawire asanakhale Mtebeti amene timamudziwa anayambira mu Sounds Pentagon, kuimba nyimbo zachizungu ku Blantyre. Kalimba ndi Makasu ankatha kuimba chilichonse chimene chinali kumveka kunja. Kungoti zida zitayamba kufika m'manja mwa anyamata wamba, zinalowera njira ina. Alleluya Band inayamba pa parishi ya Balaka mu 1978, Paul Banda n'kuphunzitsa mbadwo wonse, ndipo mng'ono wake Lucius anatenga reggae n'kuyamba kudzudzula nayo olamulira. Ku Chileka Evison Matafale anachita chimodzimodzi mpaka imfa yake mu 2001, ndipo Black Missionaries akupitirizabe. Ukali umene anzathu anauthira mu fuzz, ife tinauthira mu reggae.

Za ku Zambiazo sizinathe bwino, ndipo uyenera kudziwa. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Nkhondo ya ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) itafika poti ndege zikuponya mabomba m'dziko la Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku, mabandi n'kumaimba masana kwa anthu ochepa. Kenako kunabwera disiko ndi makaseti okopera. Edzi inamaliza zotsala: mwa oimba oyamba a WITCH anatsala ndi Jagari yekha. Iye anakakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndi imene inafukula mbale zakalezo n'kuzidindanso, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, Jagari ali nkhalamba koma akudumphabe.

Inu anayinu, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Musakakamire kuimba Chingelezi chimene ngakhale amayi anu sangachitsatire. Kaoneni Madalitso Band, anyamata awiri amene anayambira m'misewu ya Lilongwe yemweyu. Yosefe Kalekeni ali ndi gitala ya nsambo zinayi, chidendene chikumenya ng'oma imene wakhalira. Yobu Maligwa ali ndi babatoni ya nsambo imodzi, yaitali kuposa iye mwini. Alibe fuzz, koma akayamba safuna kupuma, ndipo azungu ku Ulaya amavina mpaka thukuta kamukamu. Woimba ng'oma wanu apite ku Mitundu kapena ku Nathenje akamvere mmene mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule, imayankhira mapazi a wovina, abwere nazo m'galajamo. Gitala yaukaliyo muikhazike pamenepo.

Amalume, ndine mayi wa ku Chilinde. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 wayamba kuimba bezi ndi anzake, nyimbo zake zaphokoso. Azimayi anzanga kumpingo akuti rock ndi ya Satana. Ndimuletse?

Mayi, musamuletse. Nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake, chifukwa alipodi mabandi ena kunja amene amadzitama ndi zizindikiro za mdima. Koma chida chilibe chipembedzo. Bezi imene mwana wanu wanyamula ndi yomweyo imene imalira m'kwaya ya achinyamata Lamulungu m'mawa, ndipo oimba ambiri amene dziko lino limawanyadira anaphunzirira kutchalitchi.

Chimene mungachite ndi ichi: mumuuze kuti tsiku lina adzayeserere pakhomo panu, inu mutakhala pa mkeka. Mverani mawu a nyimbozo. Dziwani anzakewo maina awo ndi kwawo. Mugwirizane nthawi yofikira pakhomo, ndiponso kuti mayeso a Fomu 4 akayandikira bezi ipume kaye. Zoopsa zenizeni kwa mtsikana woimba ndi kuyenda usiku, mowa, ndi abambo ena olonjeza kumujambulitsa ulere. Zimenezo ndiye muzimuchenjeza mosabisa mawu. Kufupi ndi kwanuko, ku Area 23, kuli Music Crossroads kumene amaphunzitsa zoimbaimba mwadongosolo, ndipo kunatuluka Daughters Band, ya atsikana okhaokha. Mupite naye limodzi mukaone.

Amalume, kodi fuzz ndingaipeze kuti muno mu Lilongwe? Ndili ndi kaampulifaya kakang'ono kogula pa kaunjika wa zamagetsi. Wa ku Kawale.

Achimwene, yambani mwayang'ana pa kaampu kanuko ngati pali kabatani kolembedwa gain kapena drive. Kwezani kameneko, voliyumu yaikulu muitsitse, mumva gitala ikuyamba kusasa. Sizifanana ndendende ndi fuzz koma poyambira zikukwana. Kabokosi kenikeniko m'sitolo za ku Old Town sikapezeka kawirikawiri, ambiri amaitanitsa kwa oyenda ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo kogwiritsidwapo kale ntchito kamalira chimodzimodzi ndi katsopano. Muonetsetse kuti n'kolola batire la 9V, chifukwa adaputa yotchipa imalowetsa mkokomo m'sipika. Musayese kuboola sipika dala monga ena amanenera, mudzangolira nayo. Ndipo magetsi akazima muzizula ampuyo kukhoma nthawi yomweyo, poti akamabwerera amabwera ndi mphamvu, ndipo maampu ambiri amene ndawaona kwa okonza mawailesi mu msika wa Lilongwe anapsa motero.