Ndere zakuta miyala yonse, kodi ndingoyambiranso?

Kalata ya mlungu uno yachokera kwa achimwene ena a ku Leeds. Thanki yawo ya madzi amchere ndi ya malita 200, yatha miyezi 8, ndipo ndere zobiriwira zangati tsitsi zakuta miyala yonse. Akayeza madzi, nitrate ndi phosphate, zomwe ndi chakudya cha ndere, zikuonetsa ziro. Akuti atopa nazo, akufuna atulutse miyala yonse, aiviike m'jiki, ayambirenso.

Musatero achimwene, chonde ikani kaye ndowayo pansi. Kalata yanu ndaiwerengera m'basi pochokera ku ntchito ya usiku ndipo yandikhudza kwambiri, chifukwa mawu omwewo ndinawayankhulapo ine nditaima pabalaza, manja akudontha madzi amchere, misozi ili lengelenge.

Kuweta nsomba ine ndinayamba ndi za kwathu. Ndinakulira ku Monkey Bay, ndipo nditabwera kuno ku Britain, tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya ziweto pobisala mvula, n'kupeza mbuna zikusambira m'galasi, pambali atamata mtengo wake wa mapaundi. Nsomba zomwe tili ana sitinkaziwerengera n'komwe, poti kunyumba ankafuna chambo, utaka ndi usipa. Mlungu womwewo ndinagula thanki. Zaka zinayi ndinaweta mbuna ndipo ndere sizinandisowetsepo tulo. Amene munasambirapo ndi magalasi a m'maso pachilumba cha Thumbi ku Cape Maclear mukudziwa chifukwa chake. Mwala uliwonse uli ndi eni ake, mitu yazolika, kujompha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Pali ina ija yotchedwa Labeotropheus, ya mphuno yolendewera, kamwa lake lili kunsi, imapala mwala itagona nawo chafufumimba ngati mayi akupala mphika. Ndere pamiyala ija zilipo, koma sizipeza mpata wotalika poti pakamwa pachuluka. Zimenezi ndinakula ndikuziona tsiku ndi tsiku, koma nditayamba thanki ya makorali, tizamoyo ta m'nyanja zamchere tomwe timamanga matanthwe, nzeru yake sinandibwerere mpaka zinthu zitaonongeka.

Cholakwa changa choyamba chinali madzi a pampopi. Mbuna zinkakhala bwinobwino m'madzi amenewa, ndiye ndinati mchere ukalowamo basi zatheka. Sindinkadziwa kuti kuno makampani ambiri a madzi amathiramo phosphate mwadala, kuti mtovu wa m'mapaipi akale usasungunukire m'madzi akumwa. Nitrate nayenso lamulo limalola kuti afike mamiligalamu 50 pa lita. Kwa munthu madziwo ndi abwino. Kwa thanki ya makorali ndi feteleza weniweni. Kumbukirani thumba lija la 23:21:0 lomwe tinkathira chimanga chikangomera: nambala yoyamba ndi nitrogen, yachiwiri ndi ya phosphate. Ndiye madzulo aliwonse, madzi akaphwa, ine ndinkawonjezera jagi imodzi ya pampopi. Madzi amauluka, koma fetelezayo amatsala, mawa n'kuwonjezerekanso. Choipa china n'chakuti miyala ya makorali imamwa phosphate n'kumusunga, kenako imamulavula pang'onopang'ono kwa miyezi, ngakhale mwini wake atasiya kale kulakwitsa.

Poyamba panabwera fumbi lofiirira pamchenga ndi pagalasi. Amenewo ndi ma diatom, amadya silicate, ndipo anatha okha patapita milungu ingapo. Kenako tsitsi lobiriwira lija. Linayamba ngati ndevu za mnyamata pansonga ya mwala umodzi, mwezi usanathe linali likuweyula thanki yonse potsatira mafunde a pampu. Ndinali ndi korali imodzi ya mtundu wa hammer, ya nthambi zitatu, nsonga zake zobiriwira mowala. Ndere zinayanga m'khosi mwa nthambi iliyonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaona mnofu wake utabwerera pang'ono m'chigoba. Ndikazula ndi zala, fungo lake linali la matope a padambo.

Ndinathamangira ku sitolo ina. Wogulitsayo sanandifunse komwe ndimatunga madzi, sanandifunse kuti ndili ndi nkhono zingati. Anangonditengera botolo. Litakanika ananditengera lina, kenako ufa wofiirira uja wa chitsulo wotchedwa GFO, womwe umakoka phosphate m'madzi, ndipo ine ndinathira wochuluka kuposa mlingo poti ndinkafuna zithe msanga. Nsomba zanga ziwiri za clownfish ndinayamba kuzipatsa chakudya modumphitsa masiku mpaka mimba zinaphwa. Tsiku lomwe kamakina koyezera kanalemba 0.00 ndinasangalala zedi. Ndere zinayambadi kutuwa.

Patangotha milungu iwiri panatulukira china choposa pamenepo. Zinthu zofiirira, zonanda ngati mamina, zokhala ndi tithovu ta mpweya kunsonga, zinayala pamchenga ndi pamakorali. M'mawa thanki inkaoneka yoyera, pofika masana zadzaza, usiku zazimiririka. Amenewa ndiwo ma dinoflagellate, anzathu ochita nawo izi amangoti ma dino. Amakula mphamvu pamene madzi asowa chakudya mpaka tizamoyo tina tonse topikisana nawo tafooka, ndipo mitundu ina, monga Ostreopsis, ili ndi poizoni. Nkhono zanga 12 ndinazitola imodziimodzi zitagona chagada. Hammer uja anatha mlungu womwewo, kunatsala chigoba choyera mbee. Chili pazenera la kukhitchini mpaka lero, sindinathe kuchitaya.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akulangiza mnzake kuti athamangitse ziro, magazi amandiwira. Ziro m'thanki ya makorali ndi njala. Korali yeniyeniyo m'mnofu mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, ta fuko limodzi ndi ma dino omwewo, ndipo ndi timene timaipangira chakudya kuchokera ku kuwala. Mukaumitsa madzi mwamana chakudya korali yanu yomwe. Ndipo botolo lililonse lomwe silinalembedwe zomwe zili m'kati mwake, lisiyeni pashelefu pomwepo, kaya wogulitsa alitame chotani. Pa mfundo imeneyi sindisuntha.

Koma ziro wanu, achimwene, ndi wa mtundu wina. Munda ukakhala ndi udzu wofika m'chiuno, feteleza simungamupeze m'dothi, ali m'udzumo. Ndere zanu zikumeza nitrate ndi phosphate nthawi yomweyo akangotuluka, choyezera chisanawaone. Ndiye kadzanja kalikonse ka ndere komwe mwazula n'kutaya kunja, mwatulutsa feteleza m'thanki. Mukazipha ndi mankhwala n'kuzisiya ziwolere momwemo, fetelezayo wabwerera m'madzi kudikira mbewu ina.

Jiki ndiye sangakuthandizeni n'komwe. Adzapha mabakiteriya omwe mwawalera miyezi 8, adzapha tinsabwe ta m'madzi tomwe nsomba zimatola, adzapha ndere zabwino zija zolimba, zofiirira ngati maluwa a mbatata, zotchedwa coralline, zomwe zikamata pamwala zimatsekereza malo kuti tsitsi lisamere. Phosphate yemwe walowerera m'mwala jiki samuchotsa. Mudzabweza miyala yoyera, yopanda mwini, ndipo woyamba kufika pamalo opanda mwini ndi yemweyo mukumuthawayu.

Nkhani yomwe inanditsegula maso ndi ya ku Jamaica. Kumeneko asodzi anali atatha kale nsomba zodya ndere monga parrotfish, koma matanthwe a makorali anali adakali bwino chifukwa kunali ma urchin ambirimbiri, tizilombo tozungulira taminga ngati kanungu, a mtundu wa minga italiitali yakuda wotchedwa Diadema antillarum. Mu 1980 mphepo yamkuntho ya Allen inaswa makorali ambiri. Mu 1983 kunagwa mliri womwe unayambira cha ku Panama, ndipo m'chaka chimodzi unapha ma urchin opitirira 90 pa 100 alionse m'nyanja ya Caribbean. Wasayansi Terry Hughes analemba mu magazini ya Science mu 1994 kuti makorali, omwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ankakuta malo opitirira theka, anatsika osafikanso 5 pa 100, pamene ndere zinachoka pa 4 kufika pa 92. Odya atachoka, ndere zinalanda dziko. Ku Kaneohe Bay, ku Hawaii, kunachitika mbali inayo ya nkhani yomweyi: zonyansa za m'masuweji zinkathiridwa m'nyanja, ndere zathovu zinakwirira makorali, ndipo mapaipiwo atawapatutsa cha mu 1977 ndi 1978 makorali anayamba kubwerera. Patapita zaka, ndere zina zachilendo zitavuta pamalo omwewo, boma linayamba kuweta ma urchin n'kumakawathira m'nyanjamo. Ndikuwerenga zimenezi m'maso mwanga munkabwera mbuna za pa Thumbi zija.

Kuchira kwa thanki yanga kunatenga pafupifupi theka la chaka. Ndinachotsa GFO, ndinayambiranso kudyetsa nsomba mokwanira, ndinagula makina osefera madzi a RO/DI, ndinaika nyali ya UV yopha tizilombo, yomwe madzi amadutsamo, poti Ostreopsis usiku amayandama ndipo amakodwa mmenemo. Ma dino atatha, tsitsi linabwereranso, ndipo ulendo uno ndinalowamo ndi manja. Loweruka lililonse mwala umodzi. Kenako ndinagula urchin mmodzi wa mtundu wa tuxedo, wamkulu ngati ndimu, wa mizere ya buluu. Usiku woyamba ndinadzuka ndi tochi kukamuona. Anali atasenza kachigoba ka nkhono pamsana, akuyenda mwakachetechete, ndipo m'mbuyo mwake anasiya kanjira koyera pamwala ngati padutsa khasu. Ndinakhala pansi pamkeka mpaka kunja kutayamba kuyera. Ndi usiku womwewo pomwe ndinaona koyamba maso a nkhono ya Trochus, timadontho tiwiri takuda patsinde pa nyanga zake, ikupala galasi. Agogo anga ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinali ndisanaganizepo kuti tsiku lina ndidzawaonadi.

Dziwani izi pa nkhani ya odya ndere. Ng'ombe imakonda msipu, tsekera wokhwima imamulambalala. Nkhono nazo tsitsi lalitali sizilikhudza, zimafuna lomwe mwameta kale. Anthu ambiri amagula nkhono 40 nthawi imodzi, n'kuzithira pa ndere zofika chala, zambiri n'kufa ndi njala, mitembo yake n'kusanduka feteleza wina. Ndipo musagule nsomba yodya ndere yotchedwa tang. Ndikudziwa adzakuuzani kuti yellow tang ndiye katswiri, ndipo n'zoona amadya, koma ndi nsomba yofuna mtunda wosambira, malita 200 ndi khola lomuchepera. Mtengo wake unakweranso kwambiri chiletsereni kugwira nsombazi ku Hawaii mu 2021. Nsomba yamoyo siigulidwa ngati waganyu woti ntchito ikatha aone msana wa njira. Zimenezi zimandipweteka ndikaziona m'magulu a pa Facebook, munthu kugula chamoyo cha zaka makumi kuti chimukonzere vuto la miyezi itatu.

Tsono muchite chiyani

Madzi akhale a RO/DI, choyezera zinthu zosungunuka m'madzi (TDS) chizionetsa 0, kaya ndi osakaniza mchere kaya owonjezera akaphwa. Mlungu uliwonse sinthani malita 20, ndipo pozula ndere gwirani paipi yopopera pafupi ndi zala kuti zidutswa zizitulukira m'ndowa. Mwala womwe ungatuluke upukuteni ndi mswachi m'madzi akale a m'thanki omwewo, umodzi kapena iwiri pa mlungu. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo musayerekeze kuthira madzi otentha pamwala: makorali ena ofewa, makamaka Palythoa, ali ndi poizoni wa palytoxin yemwe nthunzi yake inagonekapo anthu m'chipatala. Mukameta, ikani nkhono za Trochus 8 kapena 10 ndi tuxedo urchin mmodzi, koma makorali ang'onoang'ono muwamate bwino poti amawanyamula. Kuwala koyera kuchepetseni, nyali zonse zisapitirire maola 8. Chakudya chouma ndi chisanu chisungunuleni, madzi ake mutaye. Thonje losefera lisinthidwe pakatha masiku atatu, kapu ya skimmer, makina ochotsa zonyansa ndi thovu, itsukidwe. Ndere zikamachepa manambala ayamba kuoneka, musachite mantha: nitrate pakati pa 5 ndi 10, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 (zonsezi ndi mamiligalamu pa lita), mchere 1.026 pachoyezera mchere, kutentha madigiri 25 kapena 26. Musasinthe zinthu ziwiri zazikulu mlungu umodzi.

Muyang'anitsitsenso kachingwe kamodzi m'mbale yoyera. Ngati kali ndi tinthambi mbali zonse ziwiri ngati nthenga ya nkhuku, imeneyo ndi Bryopsis, nkhono zambiri siziidya ndipo imaphukanso kuchokera m'ming'alu ya mwala. Pamenepo pokha ndi pomwe ndingavomere mankhwala, fluconazole, poti dzina lake ndi lodziwika ndipo ntchito yake inaoneka. Ngati ndi chinsalu chofiira chosendeka chonse pamodzi, ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, mupope ndi paipi ndipo muwonjezere mafunde pamalopo.

Mwatchulanso kumapeto kuti alamu akudandaula kuti pabalaza pakuoneka ngati pachithaphwi. Akunena zoona, ndipo musakangane nawo. Apempheni miyezi itatu, muwauze tsiku lenileni, galasi lakutsogolo muzilipukuta m'mawa uliwonse kuti nsomba zizioneka. Mayi a kunyumba kwanga anapirira nane theka la chaka, lero ndi iwo amene amayamba kufunsa komwe urchin wagona.

Mundilemberenso pakatha milungu 6. Mutumize chithunzi chojambula nyali zabuluu zitazima, ndipo mundiuze komwe mumatenga madzi, poti m'kalata yanu simunatchule.