Katapila wagwira khadi langa, banki yandikana: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Kasungu, ndimalandira K350,000 pamwezi. Ndinabwereka K200,000 kwa wakatapila pa 50 peresenti pamwezi, ndipo khadi langa la ATM lili kwa iye. Kukampani ina yobwereketsa ndalama ndatsala ndi K400,000 pa 5 peresenti pamwezi, ndipo ndadumphitsa miyezi iwiri. Ndinapita kubanki kuti andibwereke yobwezera zonsezi, andikana, ati mbiri yanga ku CRB, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, ndi yoipa. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, tiwerengere limodzi. K200,000 yakatapilayo ikubereka K100,000 mwezi uliwonse. K400,000 yakukampani ikubereka K20,000 yokha. Ngongole imene ikuoneka yaing'onoyo ndiyo ikukudyerani malipiro. Mukamangopereka chiwongoladzanja chokha kwa miyezi 6, mudzakhala mutataya K600,000, K200,000 ija ili chikhalire. Choncho khobidi lililonse lotsala lipite kwa wakatapila, kukampani muzingopereka gawo la pamwezi.

Pitani kwa wakatapilayo ndi mboni, munthu amene iye amamulemekeza. Mumuuze kuti chiwongoladzanja chiime ndipo mugwirizane ndalama imodzi yomaliza, mwachitsanzo K240,000 yobweza kanayi, K60,000 pamwezi. Ena amavomera, makamaka ngati anadya kale zoposa zimene anakubwerekani, chifukwa akudziwa kuti nkhani ikafika kukhothi siwakomera: lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khothi mphamvu younikanso mgwirizano wa chiwongoladzanja chonyanya. Zimene mwagwirizana zilembedwe, musainirane, ndipo muzilipira kudzera pafoni kapena kubanki kuti pazitsala umboni. Khadi mulitenge tsiku lomwelo. Akakana, banki yanu ingathe kulitseka ndi kukupatsani lina, koma muchite izi mutakonzeka kupitiriza kulipira, osati ngati njira yothawira. Ngongoleyo ndi yanu ndithu.

Ngati muli mu banki mkhonde yobwereketsa pa 20 peresenti, kutenga K200,000 kumeneko ndi kutsekeratu katapila kukutsitsirani chiwongoladzanja kuchoka pa K100,000 kufika pa K40,000. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ndalama ikafika m'manja, theka limapita kufizi kapena kufeteleza, wakatapila n'kungolandira chiwongoladzanja chake, ngongole n'kukhala zitatu. Iperekedwe yonse tsiku limene mwailandira. Ngati simuli m'gulu lotere, foni yodula kapena wailesi yakanema ingathe kugulitsidwa. Kuigulanso chaka chamawa n'kotchipa kusiyana ndi K100,000 pamwezi.

Kukampani kuja musabisale. Alembereni kalata yopempha kuti atalikitse nthawi yobwezera ndi kuimitsa chindapusa cha kuchedwa. Gawo la pamwezi lidzatsika, ngakhale chiwongoladzanja chonse chidzachulukirapo pang'ono. Mukamaliza katapila, K60,000 ija muiwonjezere kuno.

Za CRB, m'Malawi muno mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data CRB ndi TransUnion amagwira ntchito ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Muli ndi ufulu woona lipoti lanu ndi kutsutsa zolakwika, monga ngongole imene munamaliza koma ikuonekabe. Ngongole yakatapila simudzaipeza m'menemo, chimene chaipitsa dzina lanu ndi miyezi iwiri ija. Mukamaliza kulipira, tengani kalata yotsimikiza kuti mulibe ngongole ndipo muonetsetse kuti kampaniyo yadziwitsa a CRB. Mbiri yakale sifufutika pompo, koma imasonyeza kuti munabweza. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akakufufutireni dzina, ameneyo ndi wakuba.

Pakadali pano lekani kuyendayenda m'mabanki kupempha ngongole, ndipo tingongole ta pafoni mutisiye. Lowani SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsana ndalama, ndi kuyamba kusunga ngakhale K10,000 pamwezi, chifukwa kumeneko amayang'ana kwambiri masheya anu ndi anzanu okuimirirani pobwereketsa.