Kompuresa pa mitanda ya denga ayi, ndinaziona ku Budiriro

Achimwene, imani kaye, musakhome msomali ngakhale umodzi. Zimene mwafunsa m'gulu muno, zoika kompuresa (makina opopera mpweya) pamwamba pa mitanda ya denga la galaja kuti pansi patsale malo, kenako n'kupachikanso tcheni buloko, tcheni yokwezera zolemera ija, pa mtanda womwewo, zinandichitikira ine kuno ku Budiriro, mu Harare, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Akuluakulu amene akukuyankhani muno kuti thabwa ndi thabwa sanamvepo mtanda ukuthyoka pamutu pawo.

Denga la galaja yanga anakhoma kalipentala wina, munthu wakwathu ku Malawi ndithu, wa mpingo wathu womwe. Dzina sinditchula, mwina ali m'gulu muno akuwerenga. Ndinamuuza poyera kuti kompuresa ya malita 100 idzakhala m'mwamba ndipo nthawi zina ndizidzakweza injini. Anaseka, akuti denga lake likhoza kunyamula njovu. Ndalama ndinamupatsa za matabwa a mamilimita 38 ndi 152 othiridwa mankhwala. Iye anakagula a 38 ndi 114, aawisi, osathira kanthu, zotsalazo m'thumba mwake. Paini akangochoka kumene kochekera amakhala wamadzi, ndiye akamauma pansi pa malata otentha amapindika, amang'aluka, misomali n'kumangosewera m'mabowo. Choipitsitsa, mtanda wapansi anaulumikiza pakati penipeni ndi kathabwa kamodzi ndi timisomali tochepa. Pakati penipeni! Ndiye anapakapo penti kuti munthu asaone.

Mtanda wapansi uja ntchito yake n'kugwira mapazi a phaso kuti asatanuke n'kukankha makoma. Umakokedwa m'litali, ndipo katundu wake ndi siling'i basi. Tsono inu muuikepo kompuresa yoposa makilogalamu 60, imene ikayaka imanjenjemera mpaka malata kulira. Kunjenjemerako kumazula misomali pang'onopang'ono, inu osadziwa.

Linali Loweruka, mu November, kunja kukutentha koopsa, mitambo ikusonkhana. Magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa monga mwa masiku onse. Tinkachotsa injini ya dizilo m'pikapu ya kasitomala, ine ndili pa tcheni, mwana wa achemwali anga atawerama kutsogolo akumasula mapaipi otsala. Injini yotere imapitirira makilogalamu 200. Inali itakwera mpaka pachifuwa panga, ikuzungulira pang'ono m'malere, pamene magetsi anabwera. Kompuresa inayaka yokha, poti mpweya m'thanki unali utatsika. Ndinamva denga lonse likugwedezeka, kenako thaa! Sindinaone n'komwe chimene chathyoka. Tcheni inangochoka m'manja mwanga, injini inagwera pa radiyeta n'kuphwanya kutsogolo konse. Ndisanafuule, kompuresa inatsetsereka pa matabwa ake n'kutsika chamutu pa windisikirini. Paipi inaduka, mpweya n'kumalira, fumbi, oyilo, madzi adzimbiri a m'thanki, zonse kumaso. Sindinkaona kanthu, ndinkangoitana dzina la mwanayo, iye osayankha. Nditamupeza anali atakhala pansi pakona, maso ali tong'o, magazi akutsika m'mkono chifukwa cha magalasi. Pamene panali mutu wake kamphindi kapitako m'pamene panagwera injini. Ndinamunyamula kupita naye kukiliniki miyendo yanga ikunjenjemera, m'njira monse ndikuganiza zimene ndikawauze achemwali ku Lilongwe, amene anandipatsa mwana kuti aphunzire ntchito. Usiku womwewo mvula inagwa, malata atapindikira m'kati, madzi onse m'zida zanga.

Kalipentala uja? Anabwera, anayang'ana, akuti "munapachika zolemera". Ine amene ndinamuuza zonse asanagule thabwa ndi limodzi lomwe! Nditamuonetsa polumikiza paja ndi muyezo wa matabwa, anati foni ikuitana, n'kutuluka. Kuyambira pamenepo nambala yake siipezeka. Kutchalitchi amakhala kutsogolo, amaimba mokweza kuposa aliyense, ndipo akuluakulu a mpingo akuti tizikhululukirana poti tonse ndife alendo m'dziko la eni. Galimoto ya kasitomala ndinalipira ndekha, m'madola, ndipo kasitomalayo anapita ndi anzake onse amene ankabwera nawo. Ulendo uno kukhululuka ndikuganizirabe.

Ndiye mverani. Injini isamakwezedwe ndi denga la matabwa, zivute zitani. Pitani ku msika wa Siyaso ku Mbare, anyamata owotcherera akupangireni chimango chachitsulo cha miyendo yake, choima pansi pachokha, kapena gulani kireni ya matayala ija yokwezera injini. Kompuresa ikhale pansi, pa simenti, mutaika zidutswa za tayala kumapazi kwake. Ikhale pafupi ndi soketi, pa waya wa saizi 2.5 ndi bureka (swichi yodula magetsi akachuluka) yakeyake. Ma ekisitenshoni aatali opyapyala aja ndi amene amapsereza mota ndi kapasita, kachipangizo kothandiza motayo kudzuka, chifukwa poyaka kompuresa imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda. Chifukwa chomwecho jenereta yaing'ono kapena inveta ya m'nyumba imagonja ngakhale manambala akuoneka ngati akukwana. Magetsi akazima, zimitsani pa batani lake lofiira, osati pakhoma pokha, kuti isadzuke yokha munthu ali pafupi komanso kuti mpweya wotsalira m'paipi utuluke.

Kunsi kwa thanki kuli kampopi kotulutsira madzi. Tsegulani tsiku lililonse mukaweruka, makamaka nyengo ya mvula. Thanki imadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati, ndipo yodzaza mpweya wopanikizika mpaka 8 bar pa geji ikaphulika si masewera. Mukaona thanki yowotcherera chigamba, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji. Ndipo ngati cholinga n'kupopera penti magalimoto, musanyengeke ndi kukula kwa thanki. Funsani malita a mpweya amene imatulutsa pa mphindi. Ya malita 24 kapena 50 yopanda lamba ndi yopopera matayala ndi kuuzira fumbi, pa penti imatha mpweya muli pakati pa chitseko. Yoyendera lamba imazungulira pang'onopang'ono, siisokosa kwambiri, ndipo imakhalitsa.

Za dengalo, matabwa mukagule nokha, tepi m'manja. Othiridwa mankhwala amaoneka obiriwirako, ndipo chiswe cha kuno mukuchidziwa. Polumikiza pakhale mabawuti ndi matabwa mbali zonse ziwiri. Mathirasi, zimango zonyamula denga zija, amangiriridwe kukhoma ndi hupu ayoni, kalamba kachitsulo, yolowa m'njerwa mizere ingapo, apo ayi mphepo ya mvula yoyamba ikakutengerani malata kwa aneba. Pulani ya kukhonsolo musaiiwale, mungamange bwino n'kudzagwetsedwa.

Kunena zoona yanga ili m'mwambanso panopa, chifukwa galaja ndi yaing'ono ndipo akuba a kuno chapansi amangokoka pa matayala ake. Koma ili pa shelefu ya engo ayoni, chitsulo chokhota ngati L chija, yomangidwa ndi mabawuti obowola khoma la njerwa ziwiri, siikhudza thabwa la denga ngakhale limodzi, ndipo kampopi ka madzi ndinakalumikiza paipi yotsika mpaka pofika dzanja. Amene anandikonzera denga latsopanoli ndi kalipentala wakwathunso, wa ku Dedza, koma ndinali pompo tsiku lonse ndikuwerenga mabawuti. Jambulani polumikiza mitanda yanuyo pafupi, mbali zonse ziwiri, muponye muno tione, ndipo mutiuze makulidwe a khoma lanu.