Ndalama za sukulu zikachepa, mpeni uyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku America ndi ana awo awiri. Dzina lawo ndi la tauni yawo ndazisunga, ndipo kalata yawo ndayifupikitsa. Akuti: "Makolo anzanga andisankha kuti ndilowe mu komiti yolangiza bodi ya sukulu za m'dera lathu pa nkhani ya bajeti. Atiuza kuti chaka chamawa ndalama sizikwana. Pa msonkhano woyamba wina ananena kuti tingodula pang'ono paliponse mofanana kuti pasakhale wodandaula, ndipo ambiri anavomera. Ine ndinangokhala chete chifukwa mapepala ake ndi ambiri ndipo sindikudziwa poyambira. Kodi ndikafunse chiyani?"

Mayi, choyamba ndikuthokozeni kuti munavomera mpandowo. Makolo ambiri obwera kuchokera kunja amaopa misonkhano yotere, ndiye zinthu zimagamulidwa iwo kulibe. Yankho langa lalifupi ndi lakuti maganizo odula mofanana paliponse muwakane. Koma kuti mukawakane muli ndi mfundo, tiyambe taona kumene ndalamazo zimachokera.

Ife tinakula tikudziwa kuti malipiro a mphunzitsi amachokera ku boma, ndipo zikavuta aliyense amaloza ku Capital Hill. Ku America n'kosiyana. Sukulu za boma zili m'manja mwa zigawo zimene amazitcha school district, zoposa 13,000 m'dziko lonselo, chilichonse ndi bodi yake ndi bajeti yake. Ndalama zimalowa kudzera m'mitsinje itatu. Boma lalikulu la ku Washington limapereka zochepa, pafupifupi dola imodzi pa madola 10 alionse. Zotsalazo zimachokera, pafupifupi theka ndi theka, ku boma la state (America inagawidwa m'ma state, iliyonse ndi boma lake) ndi ku msonkho wa nyumba ndi malo wa m'deralo. Chuma chikagwa, mitsinjeyi siphwa tsiku limodzi. State imadalira msonkho wa malipiro ndi wa zogula m'masitolo, ndiye anthu akangochotsedwa ntchito, mtsinje umenewo umatsika nthawi yomweyo. Msonkho wa nyumba umachedwa, chifukwa mitengo ya nyumba saiwerengera mwatsopano mwezi uliwonse. Mwa ichi njala imafika kawiri. Mavuto a zachuma amene anayamba mu December 2007 akatswiri amati anatha mu June 2009, koma sukulu zinapitiriza kuchotsa anthu mpaka cha m'ma 2012, ndipo ntchito pafupifupi 300,000 za m'sukulu zinatha. Choncho musalole kuti akuonetseni bajeti ya chaka chimodzi chokha. Pemphani kuti akuonetseni mmene akuonera zaka zitatu zikubwerazi.

Funso lina loyambirira ndi la chiwerengero cha ana, chifukwa ma state ambiri amapereka ndalama powerenga mitu. Ana 300 akachoka m'chigawo, ndalama zawo zimachoka nawo, koma iwo sachoka m'kalasi imodzi. Amachoka awiri kuno, atatu uko. Mphunzitsi amafunikabe, basi imayendabe msewu womwewo, nyumba imafunikabe kutenthetsa nthawi yozizira. Ngati ana akuchepa chaka ndi chaka, vuto lanu silitha chuma chikadzuka.

Tsopano pa nkhani imene ndikufuna mukaime nayo nji. Pa ndalama iliyonse yolembedwa kuti ikulowa, funsani kuti: kodi imeneyi idzabweranso chaka chamawa? Munthu akagulitsa ng'ombe, ndalamayo angathe kufolera nayo nyumba, chifukwa malata amakhomedwa kamodzi. Koma akatenga ndalama ya ng'ombeyo n'kulembera wantchito wa pamwezi, tsiku lina khola lidzakhala lopanda kanthu wantchitoyo akudikirabe malipiro. Zigawo za ku America zagwa m'mbuna imeneyi kawiri m'zaka zochepa. Mu February 2009 Pulezidenti Obama anasaina lamulo lodzutsira chuma limene linali ndi madola pafupifupi 100 biliyoni a maphunziro, ndipo mu 2010 anawonjezera 10 biliyoni yosungira ntchito za aphunzitsi. Zinathandizadi, koma zitatha phompho linaonekera. Nthawi ya Covid-19 kunabwera thumba lotchedwa ESSER, madola pafupifupi 190 biliyoni, ndipo tsiku lomaliza lokonzera ntchito ya gawo lake lomaliza linali 30 September 2024. Zigawo zimene zinakonzera ndalamazo madenga ndi makina olowetsa mpweya m'makalasi zinapumako. Zimene zinalembera antchito okhazikika ndi zimene zinayamba kulira. N'kutheka kuti dzenje la m'bajeti yanu linakumbidwa pamenepo.

Nkhokwe nayo ndi ng'ombe yomweyo. Chigawo chilichonse chimayenera kusunga kangachepe pambali, ndipo kutapamo pa chaka choipa si kulakwa, anaisungira zomwezo. Kulakwa ndi kutapamo popanda pulani ya chaka chotsatira.

Mukatembenukira ku mbali ya zotuluka mupeza chinthu chowawa: pa madola 100 alionse, pafupifupi 80 amapita ku malipiro, inshuwalansi ya zaumoyo ndi penshoni. Bajeti ya sukulu ndi anthu. Pa misonkhano anthu amakonda kutha maola akukangana za mapepala, maulendo a ana ndi tiyi wa m'maofesi, chifukwa zimenezo sizikhala ndi nkhope. Zichepetsedwe ndithu, ndipo ofesi yaikulu ya chigawo iyambe ndiyo kumva mpeni mkalasi musanakhudzidwe. Koma tiyerekeze kuti bajeti ndi madola 100 miliyoni ndipo akusowa ndi 6 miliyoni. Mu 20 miliyoni yosakhala ya malipiro muli magetsi, mafuta a mabasi, chakudya ndi zina zosathawika. Simungachotsemo 6 miliyoni. Amene angakuuzeni kuti palibe munthu adzakhudzidwe akungokuzengerezani.

Apa ndi pamene mawu akuti "tidule mofanana" amamveka okoma, koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Choyamba, pali mbali zimene lamulo silola kuzikhudza. Ngongole iyenera kubwezedwa. Mapangano ndi mabungwe a aphunzitsi ali ndi zaka zake. Mwana wolumala ali ndi ufulu wothandizidwa pansi pa lamulo la IDEA, limene linayamba mu 1975 ndi dzina lina. Boma la Washington linalonjeza kuthandizako mpaka 40 peresenti ya mtengo wake koma silinafikepo pamenepo, ndiye chigawo chimakwirira chokha. Mukachotsa zonsezi, mpeni umagwa mwamphamvu pa zochepa zotsalazo.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chimandipweteka mtima, ana safanana pothawira. Sukulu ya kumpanda ikachotseredwa mphunzitsi wa nyimbo kapena wothandiza ana kuwerenga, makolo amasonkha n'kumubweza, kapena amalipirira mwana wawo mphunzitsi wapadera madzulo. Kusukulu ya ana a anthu ogwira maganyu awiri, ya ana amene akuphunzira kumene Chingerezi, chimene chachotsedwa chapita. Komanso m'madera ambiri pangano limati pochotsa aphunzitsi ayambe amene analowa ntchito pomalizira. Aphunzitsi atsopano amachuluka m'sukulu za osauka, ndipo popeza malipiro awo ndi ochepa, pamafunika kuchotsa ambiri kuti ndalama ikwane. Ku Los Angeles zinafika poti mu 2010 bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU linatengera nkhaniyi kukhoti m'malo mwa ana a sukulu zitatu zimene zinaluza gawo lalikulu la aphunzitsi awo pamene sukulu zina sizinamve kanthu kwenikweni. Papepala onse anadulidwa ndi lamulo limodzi.

Padzabwera njira zina zooneka zachidule. Kuchepetsa masiku a sukulu ndi imodzi: ku Hawaii, m'chaka cha sukulu cha 2009 mpaka 2010, ana anakhala kunyumba ma Lachisanu 17, makolo n'kumasowa owasiyira. Sabata ya masiku anayi imapulumutsa masenti ochepa pa dola, chifukwa malipiro a aphunzitsi sasintha. Kutseka sukulu nthawi zina kumafunikadi ngati nyumba zili theka lopanda ana, koma Chicago itatseka sukulu pafupifupi 50 mu 2013, amene anasenza katunduyo anali makamaka ana achikuda a m'madera osauka. Wina akabweretsa ganizo limeneli, mufunseni kuti awerengere mtengo wa mabasi owonjezera, wa kusamalira nyumba yotsekedwayo, ndi wa ana amene makolo awo adzawachotseretu m'chigawocho. Kuzengereza kukonza denga nako ndi ngongole chabe, yodzabwezedwa ndi chiwongoladzanja mvula ikalowa.

Ena adzati ndalama sizisintha kanthu pa maphunziro a mwana. Katswiri wa zachuma Kirabo Jackson ndi anzake anafufuza zimene zinachitika pambuyo pa 2008, ndipo anapeza kuti kumene ndalama za sukulu zinadulidwa kwambiri, ana anatsika pa mayeso ndipo opita ku koleji anachepa. Inu ndi ine sitifunikanso kuuzidwa. Tikukumbuka 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma tinaona ndi maso athu chimene chimachitika mphunzitsi mmodzi akaima patsogolo pa ana oposa 100 a Sitandade 1 pansi pa mtengo. Mwana amene sanagwire kuwerenga m'makalasi oyambirira amavutika nazo mpaka kutsogolo. N'chifukwa chake ine ndikanakhala pa mpando wanuwo ndikanateteza makalasi a ana aang'ono ndi sukulu za osauka, ngakhale zitatanthauza kuti kusekondale kalasi ikule ndi ana awiri kapena atatu, kapena maphunziro ena osankha amene ali ndi ana ochepa aphatikizidwe. Pa njala mbewu sadya.

Samalaninso kalendala. Zigawo zambiri zimayamba chaka cha ndalama pa 1 July, koma zigamulo zenizeni zimachitika kale. Ku California, mwachitsanzo, mphunzitsi amene angachotsedwe ayenera kulandira kalata pofika 15 March. Funsani masiku a state yanu, kuti komiti yanu isamakambirane nkhani imene inatha kale. Funsaninso ngati lamulo la kwanuko limalola kupempha anthu kuti avotere msonkho wowonjezera wa sukulu. Anthu amavomera msanga akauzidwa mosabisa chimene ndalamayo ikagule ndi chimene chitayike akakana.

Pa msonkhano ukubwerawu musachite manyazi ndi kalankhulidwe kanu, ndipo simukufunika kumvetsa tsamba lililonse. Pemphani pepala limodzi lokha: mndandanda wa sukulu zonse za m'chigawo, pambali pa iliyonse alembe chiwerengero cha ana ochokera m'mabanja osauka, ana amene akuphunzira Chingerezi, ndi antchito amene sukuluyo itaye pansi pa pulani yodula mofananayo. Pepala limenelo likafika patebulo, anzanu aja adzaona okha sukulu imene ikusenza mtolo waukulu. Pemphaninso kuti msonkhano wa makolo uchitike madzulo, pakhale omasulira, kuti amayi ogwira ntchito masana adzayankhule okha. Mukalandira pepalalo nditumizireni, tidzaliwerenge limodzi.