Kodi Eagles inaberedwa mu Super Bowl ngati mmene inaberedwera Saints?

Mwa maimelo amene ndalandira sabata ino, pali ina ya mbale wathu wina amene amasapota Philadelphia Eagles, timu ya mpira wa ku America (American football) mu ligi ya NFL, imene fainolo yake yaikulu ndi Super Bowl. Iye walemba kuti: "Achimwene, ngakhale tinadzatenga chikho mu 2025, zija za Super Bowl ya 2023 zimandiwawabe. Ndinachezera usiku wonse, kenako woyimbira n'kungoponya mbendera mphindi ziwiri zomaliza, masewero n'kuthera pomwepo. Ine ndimati nthawi ngati imeneyo oyimbira azisiya anyamata asewere. Kodi sitinaberedwe ngati Saints mu 2019?"

Mu mpira umenewu woyimbira amaponya mbendera yachikasu akaona mlandu. Achimwene, ululu wanuwo ndikuumvetsa, koma yankho langa ndi lakuti ayi. Saints inalakwiridwa. Eagles sinalakwiridwe. Ndipo mfundo yanu yoti oyimbira azitseka maso kumapeto ndi yomweyo imene inapha Saints.

Tiyambe ndi za ku New Orleans, chifukwa ena mwa owerenga sanazione. Linali tsiku la 20 January 2019, fainolo ya NFC (limodzi mwa magulu awiri a matimu a NFL), New Orleans Saints ikulandira Los Angeles Rams mu Superdome. Wopambana amapita ku Super Bowl. Mapointi anali 20-20, kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 49, ndipo Saints inali pa mayadi 13 okha kuchokera pogoletsera. Pajatu timu imapatsidwa mipata inayi, ma down aja, kuti isunthe mayadi 10, ndipo apa inali down yachitatu, mayadi onse 10 akadalipo. Drew Brees, quarterback wa Saints (wosewera amene amaponya mpira), anaponyera mnzake Tommylee Lewis chakumanja. Mpira ukadali m'malere, Nickell Robey-Coleman wa Rams anabwera mwaliwiro n'kumuomba Lewis, chisoti ku chisoti, osautembenukira n'komwe mpirawo. Milandu iwiri pakamodzi: pass interference (kusokoneza wolandira mpira usanamufike), ndi kugunda kumutu munthu amene sangadziteteze. Mbendera yachikasu sinatuluke m'thumba la woyimbira aliyense.

Ikanatuluka, Saints ikanapatsidwa ma down ena anayi pafupi penipeni ndi mzere. Brees akanangogwada ndi mpira, wotchi n'kumayenda, kenako n'kumenya field goal (kumenya mpira ndi phazi pakati pa mapolo, mapointi atatu) yapafupi kutatsala timasekondi tochepa. M'malo mwake Wil Lutz wa Saints anamenya field goal nthawi yomweyo, 23-20, Rams n'kutsala ndi nthawi yokwanira. Greg Zuerlein wa Rams anabweza kuchokera pa mayadi 48, ndipo m'nthawi yoonjezera anamenya ina ya mayadi 57, zinthu n'kuthera 26-23. Robey-Coleman mwiniwake anavomera kuti anafika mpira usanafike. Sean Payton, mphunzitsi wa Saints nthawi imeneyo, anauza atolankhani kuti mkulu woyang'anira oyimbira mu NFL anavomera pa foni kuti analakwitsa. Pambuyo pake ligi inamulipiritsa Robey-Coleman madola 26,739 chifukwa cha kugunda komweko kumene oyimbira asanu ndi awiri a pabwalo sanakuimbire.

Tsopano zanu zija. 12 February 2023, ku Glendale, Arizona. Mapointi 35-35, kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 54, Kansas City Chiefs ili pa mayadi 15, down yachitatu, pakufunika mayadi 8. Mukuona kufanana kwakeko? N'chifukwa chake anthu amaziika m'thumba limodzi nkhani ziwirizi. Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, anaponyera JuJu Smith-Schuster, mpira n'kukagwa patali, koma mbendera inali kale pansi: James Bradberry wa Eagles anakoka jezi ya Smith-Schuster pamene ankakhota. Chilango cha holding (kugwira mdani mosaloledwa) chotere ndi mayadi 5 ndi ma down atsopano. Jerick McKinnon wa Chiefs anadzigwetsa dala asanaoloke mzere kuti wotchi iziyendabe, Mahomes anagwada, Harrison Butker n'kumenya field goal ya mayadi 27 kutatsala masekondi 8. Chiefs inapambana 38-35.

Greg Olsen, amene ankaulutsa masewerowo pa Fox, ananena zomwe mukunenazi, zoti pamenepo akanawasiya asewere. Ndiye simuli nokha. Koma Bradberry, atafunsidwa masewero atatha, sanazembe. Anati inalidi holding, anakoka jezi, ndipo ankayembekeza kuti oyimbira aingoilekerera. Ndimamulemekeza kwambiri mnyamata ameneyu chifukwa cha mawu amenewo. Ochemerera ambirimbiri anali okonzeka kumuikira kumbuyo, akanatha kungokhala chete. Ngati wopalamula wavomera yekha, ife tikakamirirenji kuti sanapalamule?

Chimene chimandivuta pa mfundo yoti "asiyeni asewere" n'chakuti imamveka ngati chilungamo, chikhalirecho ili ndi mbali imene imakondera. Woyimbira akasunga mbendera m'thumba, sikuti wachoka m'masewero. Wathandiza timu yotchinga. Wotchinga aliyense wanzeru akadziwa kuti mphindi ziwiri zomaliza kulibe mlandu, ayamba kukoka ndi kukankha, chifukwa ndiyo ntchito yake kugwiritsa ntchito mpata uliwonse umene wapatsidwa. Zili ngati mu mpira wathu wamiyendo woyimbira atalengeza kuti ikakwana mphindi ya 88 penate kulibe. Mungaone zimene zingachitike m'bokosimo. Smith-Schuster anali atamupusitsa kale Bradberry ndi kakhotedwe kake, ndipo dzanja lija linatuluka chifukwa chakuti munthu anali atapita. Kodi luso limenelo lisawerengedwe chifukwa chongoti lachitika kumapeto? Anthu a ku New Orleans anaona ndi maso awo mapeto a kaimbidwe kotere, ndipo mpaka lero sanaiwale.

Pali pamene ndikugwirizana nanu. Kumayambiriro kwa masewero omwewo Bradberry anamugwiranso mkono Smith-Schuster pa down yachitatu, wosewerayo n'kudandaula, koma mbendera osatuluka. Osewera amawerenga oyimbira. Akaona kuti lero zogwiranagwirana zazing'ono zikuloledwa, amasewera motero. Ndiye dandaulo loona si lakuti "bwanji anaimba kumapeto", koma "bwanji sanaimbe kuyambira pachiyambi". Kulakwa kuli pa mbendera imene sinaponyedwe poyamba paja, osati pa yomalizayo. Mukamatsutsana ndi anzanu, gwirani mfundo imeneyi, ndi yolimba kuposa ya kuberedwa.

Komanso tisaiwale mmene Eagles inafikira pa 35-35. Popita kokapuma inali patsogolo 24-14, Mahomes akutsimphina ndi kakolo kaja kamene anavulala masabata atatu m'mbuyo mwake. Chigawo chachiwiri, nthawi zonse zinayi zimene Chiefs inagwira mpira inagoletsa: ma touchdown atatu (kuoloka mzere wogoletsera ndi mpira) ndi field goal imodzi. Eagles, timu imene m'sizoni yonse inagwetsa ma quarterback ka 70 sinamugwetse Mahomes ngakhale kamodzi. Ma touchdown a Kadarius Toney ndi Skyy Moore anabwera ndi chinyengo chimodzimodzi: wosewera amathamangira mkati mpira usanayambe, n'kubwerera mwadzidzidzi, otchinga n'kusokonezeka, iye n'kutsala yekhayekha. Andy Reid, mphunzitsi wa Chiefs, anayesa kumanja, zinatheka. Anabwereza kumanzere, zinathekanso. Jonathan Gannon, amene ankatsogolera otchinga a Eagles, analibe yankho. Pakati pa ma touchdown awiriwa Nick Sirianni, mphunzitsi wa Eagles, anasankha kumenya punt (kuutaya mpira patali ndi phazi kuti adani ayambire kutali) pa down yachinayi kukufunika mayadi 3 okha, ndipo Toney anaubweza mpirawo mayadi 65. Ine pamenepo ndikanakonda kuona mpira ukhalebe m'manja mwa Jalen Hurts, quarterback wa Eagles, amene usiku umenewo anaponya mayadi 304 n'kugoletsa yekha katatu ndi miyendo. Ena angati kutero uli m'gawo lako lomwe n'kuika moyo pachiswe, ndipo ndikuwamvetsa, koma otchinga anali atasonyeza kale kuti sakutha kumuimitsa Mahomes. Onjezanipo mpira umene unamupulumuka Hurts m'chigawo choyamba, Nick Bolton wa Chiefs n'kuutola mpaka kukagoletsa. Mapointi 7 aulere m'masewero amene anasiyana ndi atatu.

Saints nayonso ili ndi zake zoyankha. Inatsogola 13-0 koyambirira n'kulola Rams kudzuka Johnny Hekker atanamizira punt n'kuponyera Sam Shields. Pa down yoyamba, mbendera yosowa ija isanachitike, Payton anasankha kuponya m'malo mothamanga ndi mpira, mpira unagwa pansi, wotchi n'kuima mwaulere. M'nthawi yoonjezera Saints ndiyo inayamba ndi mpira, Brees n'kuponya m'manja mwa John Johnson wa Rams. Zonsezi n'zoona, koma sizichotsa mlandu wa oyimbira. Timu ikhoza kulakwitsa kangapo n'kukhalabe yoyenera kulandira zimene malamulo akunena. Saints inamanidwa chimene lamulo linaipatsa. Eagles inalandira chimene lamulo limanena.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangoonera kanema ndi kukonza. Anayesa. Mu March 2019 eni matimu anavota 31 kwa 1 kuti pass interference iziunikidwanso pa kanema, kaya yaimbidwa kaya sinaimbidwe. Zinangokhala sizoni imodzi. Aphunzitsi ankaponya mbendera yawo yofiira, yopempha kuti chigamulo chiunikidwenso, pa milandu yooneka bwinobwino, chigamulo osasintha, mpaka ambiri anagwa ulesi, ndipo mu 2020 lamulolo silinabwererenso. Kwa ine vuto silinali kanema ayi. Linali lakuti ounikawo ankaopa kutsutsa anzawo a pabwalo, ndiponso mlandu woterewu ukauonera pang'onopang'ono, kukhudzana kulikonse kumaoneka ngati tchimo. Chimene ndingakonde n'choti pakhale woyimbira mmodzi m'chipinda cha makanema, wa gulu lomwelo la oyimbira, wokhala ndi mphamvu yoponya mbendera pa zoonekeratu zokhazokha, zimene munthu amaziona kamodzi n'kugwira pakamwa. Munthu wotere akanaimba mlandu wa Robey-Coleman m'masekondi ochepa. Wa Bradberry sakanaukhudza n'komwe, chifukwa woyimbira amene anali pafupi anaiona jezi ikukokedwa ndipo anaimba zimene anaona.