Mchira wa khoswe wamkazi ndi kutentha kwa thupi

Mwafunsa ngati makoswe aakazi akakalamba amamva kutentha kwadzidzidzi monga amayi amene asiya kusamba. Khoswe satuluka thukuta ngati ife. Kutentha kwa thupi amakutayira kumchira, mitsempha yake ikatakasuka n'kudutsa magazi ambiri. Ofufuza akamuchotsa mabasiketi a mazira, estrogen, yomwe ndi homoni yachikazi yopangidwa m'mabasiketiwo, imachepa, ndipo usiku, pamene khoswe amakhala yakaliyakali, mchirawo umafunda kuposa kale. Akamubaya estrogen, umazizanso.

Koma ukalamba pawokha suchita chimodzimodzi, ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa khoswe wokalamba kawirikawiri amapitiriza kupanga estrogen ngakhale atasiya kuswa. Komabe kafukufuku wotereyu anathandiza kumvetsa maselo a muubongo otchedwa KNDy, amene amathandiza kuwongolera kutentha kwa thupi, ndipo mankhwala ochepetsa kutentha kwadzidzidzi kwa amayi, otchedwa fezolinetant, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, anachokera pamenepo.